Agogo ankaopa bingu, ife tinkaseka

Ndinakulira kwa agogo, m'mudzi wina wa ku Ntcheu. Mayi anga anamwalira mu 1998 ndili Sitandade 4, ndipo amalume atakhala pansi ndi abale ena anagwirizana zoti ndipite kwa agogo aamuna ndi aakazi, ndizikawatungira madzi ndi kuwathandiza kumunda. Ndinakhala nawo zaka 11. Pa zaka zimenezo, 8 zinapita ndisakudziwa munthu amene ndinkadya naye mbale imodzi. Ndikulemba izi chifukwa m'makomo ambiri muli anthu ngati agogo anga, ndipo ana a m'makomomo akuchita zomwe ine ndinkachita.

M'mudzi monse agogo aamunawo ankawatchula kuti a Burma, chifukwa anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ku Burma, dziko lomwe lero ndi Myanmar. Anali ogontha khutu lakumanzere, lakumanja ankamva pang'ono, ndiye polankhula ankakweza mawu ngati akukalipa. Ana tinkawathawa. Mvula yoyamba ikamabwera, mitambo itada kumapiri a Kirk Range, agogo ankasiya khasu n'kulowa m'nyumba. Bingu likagunda tinkawapeza atagona chafufumimba m'mbali mwa khoma, manja atagwira kumutu. Ife tinkasuzumira pazenera n'kumaseka. Akuluakulu ankangoti, "Asiyeni, nkhondo inawazunguza mutu." Ine ndinakhulupirira zimenezo, ndipo ndinkachita nawo manyazi anzanga akabwera kwathu.

Zinasintha usiku wolowera chaka cha 2006. Ndinali nditangomaliza Fomu 3. Ndinkawaperekeza agogo kuchokera kuseri kwa nyumba, chifukwa maso anali atayamba kuvuta usiku, pamene anyamata ena anaphulitsa makombola pafupi ndi nkhokwe yathu. Sindinaone chomwe chinachitika. Ndinangozindikira ndili pansi m'ngalande ya madzi, nkhope ili m'dothi, agogo ali pamsana panga, akukuwa m'Chiswahili kuti, "Lala chini! Lala chini!" kutanthauza kuti gona pansi. Munthu wa zaka zoposa 80, wowonda ngati bango, anandigwetsa ine mnyamata wamphamvu zanga. Dzanja lawo linabinya pomwepo ndipo linatupa mwezi wathunthu.

M'mawa ndinadandaula kwa agogo aakazi kuti agogo andichititsa manyazi pamaso pa anzanga. Iwo ankapeta ufa, ndipo sanasiye kupeta. Anangoti, "Iwe mwana, waona kuti anathawa? Akanafuna kuthawa khomo linali pomwepo. Anagona pa iwe." Mawu amenewo anandilasa. Zaka zonsezo ndinkaona munthu wamantha, koma usiku umenewo, atamva zomwe kwa iwo zinali mfuti, thupi lawo analiika pakati pa ine ndi phokosolo.

Ndinaganiza zowafunsa za nkhondo, ndipo ndinayamba ndi funso loipitsitsa. Tikudya nsima ndinati, "Agogo, kodi ku Burma munapha anthu angati?" Anasamba m'manja nsima isanathe n'kutuluka. Milungu iwiri sanandilankhule kupatula kundituma. Chonde, ngati muli ndi msilikali kwanu, funso limenelo musalifunse. Ndi funso la munthu wofuna kusangalatsidwa, ndipo iwo amalizindikira msanga. Agogo aakazi ndi amene anandiwongola: "Afunse za sitima ya pamadzi. Nkhani ya sitima amaikonda."

Ndinadikira mpaka nthawi yokolola. Tinakhala pakhonde tikutong'ola chimanga, ine nditakhala mbali ya khutu lomwe linkamva, maso athu ali pa zitsononkho osati pankhope. Ndinafunsa za sitima. Analankhula mpaka dzuwa kulowa. Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti munthu wonyamula zolemera mumtima amalankhula bwino manja akamagwira ntchito, ndiponso pamene simukumuyang'anitsitsa. Kuyambira pamenepo madzulo ndinkalemba zomwe andiuza m'kope la sukulu. Makope atatu ndili nawo mpaka lero.

Analowa usilikali mu 1942, ali ndi zaka pafupifupi 18. Sanapite chifukwa chodana ndi Hitler kapena Japan, mayiko amenewo sankawadziwa n'komwe. Kunyumba kunali msonkho wovuta, amfumu ankauzidwa kuti apereke anyamata, ndipo amene anabwera kudzalemba anthu anali atavala yunifomu yosita bwino ndi nsapato. Anyamata ambiri a ku Nyasaland ankalowa m'magulu oyenda pansi a King's African Rifles, omwe likulu lawo kuno linali ku Zomba. Agogo, popeza anali atafika Sitandade 3 pasukulu ya mishoni ndipo ankatha kuwerenga manambala, anawapatula n'kuwatumiza ku Kenya kukaphunzira za mizinga. Kumeneko ndi komwe anaphunzira Chiswahili, chifukwa m'gulu lawo munali anthu a ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika. Kuchokera ku Mombasa anakwera sitima ija kupita ku Ceylon, komwe lero ndi Sri Lanka. Ankati masiku atatu oyamba aliyense ankasanza, ndipo mkulu wina wa ku Dedza ankalira kuti dziko latha, kwatsala madzi okhaokha.

Gulu lawo lalikulu linali 11th East African Division. Mu 1944, asilikali a Japan atagonja ku Imphal ndi ku Kohima, ku India, n'kuyamba kubwerera ku Burma, gulu limeneli ndi lomwe linapatsidwa ntchito yowatsatira kudzera m'chigwa cha Kabaw mpaka kumtsinje wa Chindwin. Inali nthawi ya mvula. Agogo ankati mvumbi wa kwathu kuno ndi masewera: kumeneko imagwa mlungu wathunthu osakata, zovala zimaolera m'thupi, nsapato ukavula khungu la kuphazi limatsalira m'sokosi. Anadutsa ku Tamu, tauni yomwe anaipeza yodzaza mitembo ya asilikali a Japan omwe anafa ndi njala ndi matenda. Za ku Tamu anandiuza kamodzi kokha, mwachidule, ndipo sindinafunsenso. Chigwacho chinali cha malungo, kamwazi ndi matenda ena oyamba ndi tizilombo ta m'udzu. Misundu inkalowa paliponse, ankaichotsa ndi moto wa ndudu. Tsiku lililonse ankamwa kapilitsi kachikasu ka malungo kotchedwa mepacrine, sajeni ataimirira pomwepo kuonetsetsa kuti wameza, chifukwa panali mphekesera yoti kamachepetsa mphamvu zachimuna ndipo anyamata ankakalavula. Misewu itasanduka phala, chakudya chinkachita kuponyedwa ndi ndege.

Apa ndifotokoze momwe mizinga imagwirira ntchito, monga anandifotokozera iwo ndi zitsononkho pansi, chifukwa popanda zimenezi nkhani yawo siimveka. Mzinga womwe ankaudziwa bwino unali wotchedwa 25-pounder. Chipolopolo chake chimodzi chimalemera makilogalamu 11 ndi pang'ono, ndipo chimatha kufika mtunda wa makilomita 12. Pamzinga umodzi pamakhala anthu 6, aliyense ndi ntchito yake: wolamula, wolunjika, wolowetsa chipolopolo, onyamula. Koma chachikulu n'chakuti anthu a pamzinga saona chomwe akuwombera. Amakhala kumbuyo, kuseri kwa phiri kapena m'nkhalango. Amene amaona ndi ofesala yemwe amapita kutsogolo pamodzi ndi asilikali oyenda pansi. Iyeyo amayang'ana pomwe chipolopolo chagwera n'kutumiza mawu kumbuyo kuti onjezani mtunda, bwezani, pitani kumanja. Mawuwo amadutsa pa wailesi kapena pa lamya. M'nkhalango yonyowa ya ku Burma mawailesi ankakanika kawirikawiri, ndiye moyo wa anthu unkadalira waya wa lamya woyalidwa pansi, wodutsa m'matope ndi m'mitsinje. Wayayo akaduka, mizinga imakhala ngati munthu wakhungu wonyamula nkhwangwa.

Agogo anayamba ngati wonyamula zipolopolo, ndipo khutu lija linafera pamenepo. Kenako anawasamutsira kwa anyamata a lamya. Ntchito yawo inali kuyala waya ndi kumulumikiza akaduka. Asilikali a Japan ankadziwa zimenezi. Nthawi zina ankadula wayayo dala n'kubisala pafupi, kudikira amene abwere kudzalumikiza.

Nkhani ya tsiku lenilenilo anandiuza patatha chaka ndi theka tikucheza. Sindinaipemphe. Inabwera yokha madzulo ena tikuswa mtedza.

Anali ndi mnzawo, mnyamata wa Chiyao wochokera ku Fort Johnston, komwe lero ndi ku Mangochi. Dzina lake ndilisunga. Ankagawana bulangete ndi fodya, ndipo agogo ankamulondera akamaswali. Tsiku limenelo asilikali oyenda pansi anali atapanikizidwa m'munsi mwa phiri lina. Pamwamba pake a Japan anali atakumba maenje ofoleredwa ndi mitengo ikuluikulu, ndipo mfuti zawo zinkasesa aliyense wodzutsa mutu. Ofesala wa kutsogolo anali atangoyamba kuitanitsa mizinga pamene lamya inangoti zii. Sajeni anayang'ana anyamata a lamya. Agogo ankati palibe amene anadzipereka ngati m'nkhani zomwe anthu amakamba, inali chabe nthawi yawo, iwo ndi mnzawo uja.

Anayenda chokwawa, waya ali m'dzanja, akumutsatira ngati munthu wotsatira chingwe cha mbuzi mumdima. Mvula inkagwa. Mabomba a adani ankagwa m'mbali, matope n'kumawathira kumaso. Agogo anandiuza mosabisa kuti anadzikodzera, ndipo mano ankagundana moti analuma lilime. Atakwawa mtunda wautali anapeza pomwe waya anadukira, m'mphepete mwa kakhwawa. Mbali ina inali itaponyedwa kutsidya. Mnzawo uja anadzuka pang'ono kuti akaitenge, ndipo pomwepo chipolopolo chinamulasa pamimba.

Apa agogo anasiya kuswa mtedza. Anati mnzawoyo ankawaitana dzina, akuwapempha kuti amunyamule. Kutsogolo kunkamveka mfuti ndi kukuwa kwa anthu ambirimbiri, ena mwa iwo akukuwa m'Chinyanja. Anayenera kusankha. Anawolokera kutsidya, anakoka waya, anasenda nsonga zonse ziwiri ndi mpeni manja akunjenjemera, anamanga mfundo, anakulunga. Analumikiza lamya yawo yoyesera n'kumva mawu a ofesala akutchula manambala. Pasanapite nthawi zipolopolo za mizinga yawo zinayamba kudutsa pamwamba pa mitu yawo, kulira ngati nsalu ikung'ambika, n'kumakagwa paphiri paja. Ndiyeno anabwerera kwa mnzawo, anamubereka kumsana, n'kuyamba kubwerera. Anazindikira kuti wamwalira pamene manja omwe anawagwira m'khosi analekerera. Sanamutsitse. Anafika naye mpaka kumizinga, ndipo anamuika m'manda madzulo omwewo atamukulunga m'bulangete lomwe ankafunda awiri.

"Ndikanayamba ndi iye, mwina akanafika kwa dokotala ali moyo," anatero agogo. "Ndikanayamba ndi iye, anyamata a kutsogolo aja akanatha. Zaka zonsezi ndimawerengera, sizikwana."

Ine ndi changu cha unyamata ndinayankha kuti, "Munachita bwino agogo, ndinu ngwazi." Nkhope yawo inasintha. Anati, "Ngwazi ndani? Amake mwana uja ukawauze zimenezo." Uku kunali kulakwitsa kwanga kwachiwiri, ndipo ndikufuna muphunzirepo. Munthu akakutsegulirani bala lotere safuna kuti mumuweruze, ngakhale kumuweruza komukomera. Mawu oti ngwazi amatseka nkhani, amamuuza kuti zatha, sangalalani. Kwa iye sizinathe. Tsiku lina atabwerezanso nkhaniyo ndinangoti, "Pepani agogo, zinali zowawa," n'kukhala chete. Anagwedeza mutu, ndipo tinakhala choncho mpaka agogo aakazi anatiitana kukadya. Ine mumtima mwanga ndimakhulupirirabe kuti zomwe anachita mnyamata wa zaka 20 uja, ali ndi mantha otero, n'kulimba mtima kwenikweni. Koma ndinaphunzira kusunga maganizo amenewo osawakakamiza iwo.

Gulu lawo linafika ku Kalewa, m'mbali mwa Chindwin, kumayambiriro kwa Disembala 1944, kenako linabwezedwa ku India kukapuma. Nkhondo inatha mu Ogasiti 1945, koma agogo anafika kumudzi mu 1946. Mendulo ya kulimba mtima sanalandire, zomwe anachitazo zinawerengedwa ngati ntchito ya tsiku ndi tsiku. Anali ndi mamendulo omwe aliyense wopita kumeneko ankalandira, kuphatikizapo Burma Star, nyenyezi ya nsonga 6 yokhala ndi kansalu kofiira pakati. Ndalama yothokoza yomwe analandira inakwana njinga yakapalasa ndi zovala za makolo awo. Zikalata zakale zomwe zinaululika mu 2019 zinaonetsa kuti msilikali wamba wachizungu ankawerengeredwa mashileni 10 pa mwezi uliwonse womwe anatumikira, pamene wachikuda wa udindo womwewo ankawerengeredwa mashileni atatu ndi theka. Agogo anamwalira asanamve zimenezo, ngakhale ankadziwa kale mumtima kuti muyeso sunali umodzi.

Anzawo a ku Burma atsala ochepa kwambiri, ngati alipo. Koma asilikali obwera kunkhondo sanathe m'Malawi muno. Alipo amene ankalondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ndipo lero ndi azigogo. Alipo anyamata ndi atsikana omwe akhala akupita ku DRC. Mu Novembala 2018 tinataya asilikali 6 kufupi ndi Beni, mmodzi mwa iwo Chancy Chitete, amene anaphedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania yemwe anavulala, ndipo bungwe la United Nations linamulemekeza ndi mendulo yake yapamwamba ya kulimba mtima mu 2019. Nditamva nkhani imeneyo pa wailesi ndinaganiza za anzake amene anali naye tsiku limenelo n'kubwerako amoyo. Iwowo ali m'makomo mwathu, ndipo ena sagona tulo.

Zomwe tinaphunzira kwathu, mochedwa, ndi zazing'ono. Munthu wotere musamudzutse pomugwira, muitaneni muli chapatali mpaka atsegule maso. Ikayandikira Khirisimasi kapena chaka chatsopano, muuzeni kuti lero kukhala makombola, ndipo apempheni ana a pafupi akaphulitsire kutali. Ine ndinapita ndekha kwa makolo a anyamata aja n'kuwafotokozera, ndipo palibe amene anakana. Bingu likayamba, musamusiye yekha komanso musamuunjirire, munthu mmodzi akhale naye pafupi n'kumamukumbutsa modekha komwe ali: muli kwanu, ino ndi mvula, chimanga chikumera. Mukaona kuti wayamba kumwa mowa kuti apeze tulo, kapena ukali wafika poopsa mkazi ndi ana, kapena akulankhula zofuna kudzipha, imeneyo si nkhani yoisunga m'nyumba. Pitani naye kuchipatala cha boma mukafunse a zamaganizo. Ku Zomba kuli chipatala cha matenda a maganizo, ndipo a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Agogo anga anavutika zaka zoposa 60 ndi chinthu chomwe lero madokotala amachidziwa ndipo amathandiza. Ife tinkangoti ndi misala.

Ndipo sungani mapepala. Chitupa cha agogo chotulukira usilikali tinachipeza m'bokosi lachitsulo chiswe chitadya theka, mwamwayi nambala yawo ya usilikali inatsala. Lero muli ndi mafoni: jambulani chikalata chilichonse, mendulo iliyonse, ndipo akalola, jambulani mawu awo. Akakana, musabe. Lembani mayina a anzawo ndi a malo momwe akuwatchulira, ngakhale akumveka mopotoka. Ine ndinalemba dzina la mnyamata wa ku Fort Johnston uja, ndipo ndi lomwe linadzandithandiza.

Mu 2008 mphunzitsi wina wa mbiri yakale anandiuza kuti bungwe la Commonwealth War Graves Commission lili ndi mndandanda pa intaneti wa asilikali omwe anafa pankhondo ziwiri za dziko lonse, ndipo aliyense angathe kufufuza kwaulere. Ndinakwera minibasi kupita kuboma, ndinalipira mphindi 30 pa kompyuta, n'kulemba dzinalo. Silinatuluke. Azungu ankalemba mayina athu momwe awamvera, ndiye ndinayesa kalembedwe kena, n'kuyesanso kena. Kachinayi linatuluka: dzina, nambala, East African Artillery, 1944. Linali pa Rangoon Memorial, chipilala chomwe chili m'manda a asilikali a Taukkyan kufupi ndi mzinda wa Yangon ku Burma, pomwe panalembedwa mayina pafupifupi 27,000 a anthu omwe manda awo sadziwika. Nkhalango inameza manda omwe agogo anakumba, koma dzina linalembedwa pamwala. Ndinasindikiza pepalalo ndi ndalama yomwe ndinasungira chakudya chamasana.

Ndinawapeza atakhala pampando wawo wa ndalema pansi pa mtengo wa mango. Ndinagwada mbali ya khutu lakumanja n'kuwawerengera mokweza, kawiri. Anatenga pepalalo ngakhale maso sankaonanso zilembo, n'kumalisisita ndi chala.

"Ndiye kuti analemba?"

"Analemba, agogo. Pamwala."

"Anthu amafikapo?"

"Amafikapo. Pali anthu olembedwa ntchito yosamalira malowo."

Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anaitana agogo aakazi kuti abweretse bokosi lachitsulo lija, anapinda pepalalo kanayi n'kuliika pansi pa mamendulo. Madzulo ake anadya nsima mitanda iwiri, zomwe anali asanachite kwa miyezi.

Mantha a bingu sanathe. Mvula yoyamba ya chaka chimenecho inabwera usiku, ndi ziphaliwali zong'anima mpaka m'nyumba. Ndinamva akundiitana kuchipinda kwawo, koyamba m'zaka zonse zomwe ndinakhala nawo. Ndinawapeza ali pansi m'mbali mwa khoma monga kale. Ndinayala mkeka n'kugona pambali pawo, iwo anagwira dzanja langa, ndipo tinamvera limodzi mvula ikugunda malata mpaka kunja kunayamba kuyera. Anamwalira mu Julayi 2009, nthawi yozizira, kumwamba kuli mbee. Bokosi lija lili kwa ine.